Mowa wa Dima ndi Mkate wa Mizimu

Mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto, dzuwa litawamba dziko la Mfumu Zingalume ndi la Mfumu Mwangala kufikira mitsinje itatsala maiwe okhaokha, ndi pamene mayi wanzeru wa ku Chadiza, poona kuti munda wake wakula kuposa mikono yake, amaviika chimera, nasonkha moto pansi pa mbiya, natuma mwana kukauza mudzi kuti mkuja kuli dima. Palibe amafunsa kuti adzalandira zingati. Amuna amalawirira m'bandakucha makasu ali paphewa, nandandalika m'munda, ndipo dzuwa likafika paliwombo, mizere imene mwini akadalima milungu iwiri itatha, amakhala pamthunzi chipanda chikuyenda dzanja ndi dzanja, kuyambira kwa wamkulu. Ndili mnyamata ndinaona mayi wina wouma manja amene anasukulutsa mowa wake ndi madzi. Anthu anamwa osanena kanthu, pakuti ulemu unalipo masiku amenewo, koma chaka chotsatira ataitananso dima, kumunda kwake kunafika mlamu wake yekha ndi galu.

Azungu amene ankafuna mikono ya makolo athu sanachedwe kuzindikira nzeru imeneyi. Msonkho ndiwo unkatulutsa mwamuna m'mudzi, koma chimene chinkamusankhira njira, kaya ya ku minda ya fodya ya ku Fort Jameson, kaya ya ku Halale, kaya ya ku Joni ndi Wenela, chinali mbiri ya phoso imene obwerako ankafotokoza pabwalo: kuti kwakutikwakuti ufa umadzaza mbale, nyama imaoneka, ndipo bulangete amapatsa. Boma la Southern Rhodesia linafika poika malole onyamula anthu osalipira, amene dzina lake linali Ulere, ngakhale kuti ambiri amene anakwera ulerewo anasanduka matchona, osaonanso manda a amayi awo. Pambuyo pake, m'masiku a kampani ya ZCCM, wantchito wa m'migodi ya ku Copperbelt ankapatsidwa nyumba, chipatala, sukulu ya ana ndi thumba la ufa, kotero kuti migodi itatha kugulitsidwa mu 2000, chimene mabanja analira koposa sichinali ndalama ya pamwezi yokha ayi, koma mphika wonsewo umene unaphulidwa pamoto.

Maiko ena nawo anayenda njira yomweyi, aliyense ndi chifukwa chake. Ku Germany, mtsogoleri wa boma Bismarck anakhazikitsa thandizo la antchito odwala mu 1883 ndi penshoni ya okalamba mu 1889, osati chifukwa cha chifundo chokha, komanso pofuna kuti antchito asatsate zipani zomutsutsa. Ku America, boma litaletsa kukweza malipiro pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, makampani osowa anthu anayamba kunyengerera antchito powalipirira chipatala, ndipo mpaka lero munthu wa kumeneko akachotsedwa ntchito, kawirikawiri amataya ndi dokotala yemwe.

Tsono pali mwambo wina wa kutsidya kwa nyanja umene poyamba ungaoneke ngati wasochera m'nkhani ino, koma woleza mtima aona kuti ndi mphukira ya muzu womwewo. Madzulo a pa 31 Okutobala, ana a ku America ndi ku Canada amavala zinyawu ndi nsalu zoopsa, nayenda khomo ndi khomo kulandira maswiti. Ndipo ana athu amene amaona zimenezi m'mafoni amayesa kuti ndi phwando la kupempha chabe. Si mmene zinayambira. Kale ku England ndi ku Ireland, pa masiku amene Mpingo umakumbukira oyera mtima onse pa 1 Novembala ndi mizimu ya omwalira pa 2 Novembala, amphawi ankayenda m'makomo a opeza bwino kulandira timikate, ndipo pa kamkate kalikonse ankalonjeza kupempherera akufa a nyumba imeneyo. Mkatewo unali mphotho, pemphero ndilo linali khasu. Ku Scotland nako ana ankadzibisa nkhope, koma sankalandira zipatso kapena mtedza asanaimbe nyimbo kapena kunena ndakatulo pakhomopo. Anthu a m'maiko amenewa, makamaka a ku Ireland amene anathawa njala yoyamba mu 1845, anaoloka nyanja ndi miyambo yawo. Koma kutsidyako ntchito inagwa m'njira, ndipo pofika zaka za m'ma 1920 kunamveka mawu akuti trick or treat, ndiko kunena kuti, tipatseni kanthu, apo ayi tikuchitani chipongwe.

Ife Achewa sitingadabwe ndi munthu wobisa nkhope amene amalandira mphatso chifukwa cha akufa, pakuti chilombo chikatuluka ku dambwe, fumbi lili kobo pabwalo, mbalule ikulira ndipo amayi akuomba m'manja, amene amaponya ndalama pansi posupa amadziwa chimene akuthokoza: guleyo waperekeza mzimu wa m'bale wawo, watula mtolo umene banja silikadatha kusenza lokha. Nchifukwa chake Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, amavinidwa pamaso pa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba popanda wochita naye manyazi. Koma anyamata ena amene amavala nyawu n'kumatchinga anthu pamsewu kuti awapatse ndalama, popanda maliro, popanda chinamwali, popanda chilolezo cha mwini mzinda, agwa m'dzenje lomwe anagwamo ana a ku America, ndipo akuluakulu a mwambo akamawadzudzula salakwa.

Chimene chikundivuta mtima, komabe, ndi chakuti kwathu kuno mbali imene yatayika kawirikawiri ndi inayo. Kuja ana anaiwala pemphero nasunga mkate; kuno olemba ntchito ambiri asunga khasu naiwala mowa. Mtsikana amachoka ku Chadiza kukagulitsa m'sitolo ku Chipata, mnyamata amapalira fodya kapena soya wa mwini dzinja lonse, ndipo chimene amamva ndi chakuti tidzaonana tikagulitsa, pamene makolo anatichenjeza kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dima linkayenda popanda kalata chifukwa woitana lero ndiye ankaitanidwa mawa, ndipo kupatsa kunali kuika. Koma bwana wa m'tauni sadzabwera kudzalima munda wa wantchito wake, choncho pamene panali manyazi a pamudzi payenera kuima lamulo.

Ndipo lamulolo lilipo. Malamulo a ntchito a dziko la Zambia a mu 2019 amapatsa mayi woyenerera milungu 14 ya uchembere, amapatsa wantchito wamkazi tsiku limodzi lopuma mwezi uliwonse, ndipo amati pangano la nthawi yaitali likatha, wantchito alandire ndalama yosachepera 25 pa 100 iliyonse ya malipiro ake enieni. Ndipo ku thumba la penshoni la NAPSA bwana ndi wantchito aliyense amaponya 5 pa 100. Inu ana athu amene mukunyamuka chaka chino kukafuna ntchito, musachite manyazi kufunsa kalata ya pangano ndi nambala yanu ya NAPSA musanagwire khasu la mwini.