Linga la Castillo de San Marcos: mwini wake ndani, limayendetsedwa bwanji?

Mumzinda wa St. Augustine, m'chigawo cha Florida ku America, muli linga lamiyala lotchedwa Castillo de San Marcos. Adalimanga ndi atsamunda a ku Spain kuyambira mu 1672 mpaka 1695, ataona kuti malinga awo amitengo sakuteteza mzinda kwa achiwembu apanyanja. Lero mulibenso asilikali. Ndi malo osungirako mbiri, ndipo aliyense ali ndi ufulu wokaona.

Mwini wake

Dziko la Spain lidapereka Florida kwa America mu 1821, ndipo lingali lidakhala m'manja mwa asilikali, n'kupatsidwa dzina loti Fort Marion. Lamulo la Antiquities Act la 1906 limapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu zoteteza malo a mbiri, ndipo ndi lomwe Pulezidenti Calvin Coolidge adatsamira mu 1924 polengeza kuti lingali ndi chuma cha fuko lonse. Mu 1933 lidaperekedwa ku National Park Service, nthambi ya boma yoyang'anira malo otere, ndipo mu 1942 aphungu adalibwezera dzina lake lakale. Choncho mwini wake ndi anthu, boma limangowasungira.

Ndalama zake

Zina zimachokera ku bajeti yomwe aphungu amavomereza, zina kwa alendo olipira pakhomo. Lamulo la 2004 limati ndalama zosachepera 80 pa 100 zilizonse zotoleredwa pakhomo zizigwira ntchito pamalo pomwepo, monga kukonza makoma ndi kuthandiza alendo. Ana a zaka 15 kutsika m'munsi salipira, bola akhale ndi munthu wamkulu.

Mukalowa

Mumadutsa pa mlatho wa pamwamba pa ngalande yozungulira linga, n'kufika pabwalo lapakati. M'zipinda zozungulira bwaloli muli ziwonetsero. Mukakwera pamwamba mumapeza mizinga yoloza ku Matanzas Bay. Ogwira ntchito a boma amafotokoza mbiri ndi kuyankha mafunso, ndipo masiku ena anthu odzipereka amavala ngati asilikali a ku Spain n'kuomba mzinga.

Kukwera, kukhala kapena kulemba pa makoma n'koletsedwa, ndipo chifukwa chake chilipo. Makomawa ndi a mwala wa coquina, wopangidwa ndi zigoba za m'nyanja zomatana, womwe ankakumba pa chilumba cha Anastasia. Mwalawu ndi wofewa, moti zipolopolo za mizinga zinkangotitimira m'menemo osaugumula. Angerezi adazinga lingali mu 1702 ndi 1740 koma adalephera kulilanda. Kufewa komweko ndiko kumachititsa kuti mwalawu uzinyenyeka anthu akamaupondaponda.

Mbiri yake yonse

Malowa sakamba za atsamunda okha. Amene adakhetsa thukuta pomanga adali eni nthaka, akapolo ochokera ku Africa ndi akaidi. Pambuyo pake boma la America lidasandutsa lingali ndende. Osceola, mtsogoleri wa mtundu wa Seminole, adatsekeredwamo mu 1837. Kuyambira 1875 mpaka 1878 mudali akaidi a mitundu ya Kiowa, Cheyenne, Comanche ndi Arapaho, ndipo mu 1886 adabweretsamo anthu a mtundu wa Apache, kuphatikizapo amayi ndi ana.

Mukadzafikako, musadzathere pa kujambula mizinga. Mudzafunse za anthu amenewa, mudzatsate malamulo, ndipo mudzapite ndi ana kuti akamve okha.