Chimbale Chimene Chinakana Kutuluka

Mukanandipeza zaka zitatu zapitazo n'kundifunsa za nyimbo za rock, ndikanakuyankhani ndi liwu limodzi: phokoso. Ndinakulira m'kwaya, kuimba besi kumzere wakumbuyo, ndipo kwa ine nyimbo yeniyeni inali ya mawu anayi oyenderana mwaulemu. Gitala wamagetsi akalira, ine ndinkamva macheka a pashedi ya matabwa. Gulu la Queen ndinkalidziwa pang'ono, monga aliyense amene anaonapo timu ikukweza chikho pa TV uku We Are the Champions ikulira. Ndinkalitenga ngati gulu la nyimbo zofewa za pa zisangalalo, basi.

Kunena zoona, panthawiyo ngakhale kwayayo ndinali nditaisiya. Ntchito inandimeza, ndinkafika pakhomo kutada, ndipo chimene ndinkafuna chinali bata. Mwana wanga wamwamuna anali atadzipangira gitala wa chigubu cha mafuta ophikira, nsambo zake zochokera ku waya wa mabuleki a njinga. Akangoyamba kumukhwacha pakhonde, ine ndinkatulutsa mutu pawindo.

"Iwe, kodi sukuona kuti anthu tatopa?"

Mwanayo ankanyamula chigubu chake mwakachetechete n'kukachibisa kuseri kwa khitchini.

Ndiye kunabwera ulendo wa ku Songwe. Ndinali nditaitanitsa kagalimoto kakale kuchokera ku Japan, kanatsikira padoko la Dar es Salaam, ndipo ine ndi alamu anga tinapita kukakalandira pachipata. Mapepala atatha, alamu anakhala pachiwongolero, ine pambali, ulendo wa ku Lilongwe. Tisanafike n'komwe pa Karonga, alamu anayamba kufufuza wayilesi. Kunangomveka kuti shiii. Mawayilesi a m'magalimoto a ku Japan amalekeza pa 90, pamene nyumba zambiri zoulutsira mawu kuno zili pamwamba pa nambala imeneyo. Atadina batani lina, tinamva kachinthu kakuzungulira m'kati. Mwini galimoto wakale anali ataiwalamo chimbale. Tinayesa kuchitulutsa kuti tione nkhope yake, koma chinakaniratu.

"Alamu, mlendo ameneyu wabwera yekha kuchokera kutali. Timumvere," anatero alamu anga akukweza mawu.

Chimene chinatuluka m'masipika sichinali gitala. Anali mapazi. Kuponda kawiri, kuomba m'manja kamodzi, kuponda kawiri, kuomba kamodzi, ngati khamu lonse lagwirizana pabwalo. Ndinadzidzimuka nditaona kuti dzanja langa layamba kale kumenya pabondo. Kuponda ndi kuomba m'manja ndi chinenero chimene thupi langa linaphunzira ndisanadziwe kuwerenga. Pamwamba pa mapaziwo panakwera mawu a mwamuna, akuthwa ngati lumo, ndipo chakumapeto gitala analowa pang'onopang'ono, kenako n'kung'amba zonse. Alamu anamenya chiwongolero.

"Ameneyu ndi Freddie Mercury! Awa ndi a Queen, alamu!"

Ndinakana. Ndinati a Queen amene ndikuwadziwa ine sangachite ukali wotere. Koma nyimbo inatsatira inzake, iliyonse yolemera kuposa inzake, popanda yopumira. Kumanzere kwathu nyanja inali phee, usipa uli mbee pamathandala, koma m'galimoto munali moto.

Pamene ndinagonja ndi pa Chiweta. Galimoto itayamba kukwera chitunda chokhotakhota chija, inayamba nyimbo yothamanga ngati yathawa moto, imene pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi Stone Cold Crazy ya mu 1974. Siikwana n'komwe mphindi zitatu. Gitala, besi ndi ng'oma zimathamanga limodzi, kenako zonse zii nthawi imodzi, n'kusiya woimba akulavula mawu pamwamba pa kugunda kwa timitengo, kenako zonse n'kugweranso pamodzi osaphonya ngakhale pang'ono. Munthu amene anaimbapo m'kwaya amadziwa kuti kuyamba pamodzi n'kosavuta, chovuta ndi kusiya pamodzi. Anyamata anayiwa ankasiya ngati munthu mmodzi. Phokoso silichita zimenezo. Ndinapempha alamu kuti aibwereze, ndipo anaibwereza katatu tisanafike pamwamba.

Khutu likatseguka, limamva zambiri. Ndinayamba kumva kuti kuseri kwa ukali wonsewo kuli kwaya. Freddie Mercury, Brian May ndi Roger Taylor ankajambula mawu awo mobwerezabwereza, kusanjikiza ena pamwamba pa ena, mpaka anthu atatu kumveka ngati tchalitchi chodzaza. Ngakhale gitala wa May amaimba chimodzimodzi: mu Keep Yourself Alive, nyimbo yoyamba imene gululi linatulutsa mu 1973, magitala angapo amayenda pamodzi, wina pamwamba, wina pakati, wina pansi, monga mmene aphunzitsi athu a kwaya ankatigawira mawu. Ndinapezeka ndikufufuza mzere wa besi ndi pakhosi panga, chinthu chimene ndinali ndisanachite kwa zaka zambiri.

Titadutsa Mzuzu, nkhungu ya ku Chikangawa inatiphimba, ndipo m'menemo munalira nyimbo imodzi yosiyana ndi zinzake, yodekha, ya piyano, yopanda mawu a Freddie. Tonse tinakhala chete. Sindinkadziwa mbiri yake, koma ndinamva kuti ndi maliro. Pofika pa Kasungu chimbale chinali chitazungulira kangapo, ndipo mawu anga anali atasasa.

Patapita sabata, makaniko wina anamasula wayilesi ija n'kutulutsa mlendo wathu. Pankhope pake panalembedwa kuti Queen Rocks. Usiku womwewo ndinakhala pa intaneti mpaka tambala woyamba. Chimbalechi chinatuluka mu 1997, ndipo chili ndi nyimbo 18 zosankhidwa dala kuchokera ku mbali yolemera ya gululi. Mulibe Bohemian Rhapsody, mulibe Radio Ga Ga. Muli Tie Your Mother Down, Hammer to Fall imene anaimba pa Live Aid ku Wembley mu 1985, Headlong ya mu 1991, ndi I'm in Love with My Car imene woimba wake ndi mwini ng'oma, Roger Taylor. Nyimbo ya mu nkhungu ija ndi No-One but You, yokhayo yatsopano m'chimbalemo. Anaijambula atatu otsalawo pokumbukira mnzawo Freddie amene anamwalira pa 24 November 1991, ndipo inakhala nyimbo yomaliza imene woimba besi, John Deacon, anajambula ndi gululi. Stone Cold Crazy ija, gulu la Metallica linaiimbanso n'kulandira nayo mphoto ya Grammy mu 1991.

Ndinasekerera ndekha nditawerenga kuti Freddie anabadwira ku Zanzibar mu 1946, dzina lake lobadwa nalo lili Farrokh Bulsara, ndipo banja lake linasamukira ku England mu 1964. Ndiye kuti mawu ake, atatsekeredwa m'galimoto yanga, anatsikira pa Dar es Salaam, kutsidya kwa madzi kuchokera pachilumba chimene anabadwira.

Koma chimene chinandiimiritsa pampando ndi mbiri ya gitala. Chida chimene chinang'amba masipika anga sichinagulidwe m'sitolo. Brian May ali mnyamata analibe ndalama zogulira gitala wapamwamba, choncho mu 1963 iye ndi bambo ake, a Harold May, anayamba kupanga wawo pakhomo. Khosi lake analisema kuchokera ku thabwa lakale la pamalo oothera moto m'nyumba. Anaikamo masipuling'i a injini ya njinga yamoto, timadontho tapakhosi anatipanga ndi mabatani a zovala, ndipo kunsonga kwa kachitsulo kogwedezera mawu anaikako chidutswa cha singano yolukira ya mayi ake. Gitalayo, amene amatchedwa Red Special, ndi amene wakhala akumuimba moyo wake wonse, ndipo amamukhwacha ndi kandalama kachitsulo ka sixpence. Mnyamata yemweyo anadzalandira digiri ya PhD pa maphunziro a zakuthambo ku Imperial College mu 2007.

Ndinazimitsa foni, ndinatenga tochi, ndinapita kuseri kwa khitchini. Chigubu chija chinali pomwepo, chitatsamira khoma, nsambo imodzi itaduka. Ndinachitembenuza m'manja. Mwana wanga anali atasema tizikhomo tomangira nsambo ndi mpeni, n'kutiboolera ndi msomali wamoto, ndipo pakhosi anali atalembapo timizere ndi makala posonyeza poika zala. Palibe amene anamuphunzitsa. Bambo wina ku England anaona chinthu chotere mwa mwana wake n'kumutengera zida. M'mawa ndinamudzutsa mwana wanga ndisanapite kuntchito.

"Tandiimbira chija umaimba pakhonde."

Anandiyang'ana ngati sanamve bwino. "Adadi, simukalipa?"

"Imba, mwanawe. Mokweza."

Lero mutabwera kwathu Loweruka masana, simudzafunsa njira, mudzangotsatira makutu. Ndinabwerera kukwaya, ndipo anzanga akumzere wakumbuyo akuti besi yanga yanenepa. Popita kuntchito galimoto imanjenjemera magalasi, ine ndili m'kati kumenya chiwongolero ndi chimwemwe chonse. Mayi akunyumba, amene poyamba ankagwira kumutu, tsopano ndi amene amayambitsa kuponda kuja akamakonola chimanga, mwana wamkazi n'kumaomba m'manja pa kachitatu. Alamu akafika amaima pageti n'kukuwa kuti, "Kodi a Queen alipo?" ndipo nyumba yonse imayankha ndi mapazi.

Pakhonde pali chitseko chakale cha mlombwa chimene tinachotsa kuchipinda chosungiramo katundu. Tachijambula kale ndi pensulo, thupi la gitala mbali ino, khosi mbali inayo. Kalipentala wa pamsika watibwereka pulena, ndipo mabatani oyera a malaya anga akale a kwaya ali m'kabotolo, kudikira malo awo pakhosi. Mnyamata wanga amapala, ine ndimagwira thabwa, chimbale chija chikulira pawindo. Dzulo anaima, anapukuta thukuta, anandifunsa ngati gitala wathu adzalire ngati wa Brian May. Ndinamuuza kuti adzalira ngati chitseko cha kwathu, ndipo anthu adzamumva mpaka kumsewu. Anaseka, n'kugwiranso pulena.