Mphakati: Mpingo Umene Umakumana Pakhonde

Pa Misa ya Lamulungu m'parishi yaikulu ya mumzinda, anthu amadzaza tchalitchi mpaka ena kuimirira panja. Wansembe sangadziwe dzina la aliyense, ndipo mkhristu akhoza kusowa miyezi itatu popanda womufunsa. Koma angojomba kumphakati kawiri, mawa lake amva "Odi!" pakhomo, amayi awiri atabwera kudzaona ngati kuli matenda.

Mphakati, umene m'madayosizi ena amautcha limana, ndi kagulu ka mabanja achikatolika okhala moyandikana. Amakumana lero kwa uyu, sabata yamawa kwa uje. Mkeka, mabenchi obwereka kwa aneba, Baibulo ndi buku la nyimbo, zakwana. Nthawi zambiri wansembe sakhalapo. Akutsogolera ndi mphunzitsi wa kupulayimale, kapena mayi wogulitsa tomato pamsika.

Zimenezi sizinangobuka. Mu 1973 maepiskopi a bungwe la AMECEA, lomwe Malawi ndi Zambia ali mamembala, anakumana ku Nairobi n'kugwirizana kuti Mpingo uzike mizu m'timagulu ting'onoting'ono ta akhristu, ndipo mu 1976 anatsimikiza kuti imeneyi ndiyo ikhale ntchito yoyambirira pa ubusa. Kuno kwathu amene anaigwira mwamphamvu anali Ambuye Patrick Kalilombe, mbadwa ya ku Mua ku Dedza, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Kudzera mu sinodi ya dayosizi ya 1973 mpaka 1975, iwo analimbikitsa akhristu eni ake kuti Mpingo ndi wawo: audyetse, autumikire, aufalitse okha osadikira amishonale.

Boma la chipani chimodzi la Dr. Kamuzu Banda silinakondwe nazo. Anthu okumana m'nyumba, kukambirana mavuto a m'mudzi popanda wachipani pakati pawo, ankaoneka ngati akukonza chiwembu. Ambuye Kalilombe anachoka m'dziko muno mu 1976, ndipo anatula pansi udindo mu 1979. Miphakati ija inatsala, mpaka lero ilipo.

Nanga chimene chimakulitsa uzimu pamenepa n'chiyani? Choyamba ndi kawerengedwe ka Mawu. Magulu ambiri amatsata njira ya magawo 7 yochokera ku Lumko Institute ku South Africa: kuwerenga ndime, kutchula mawu amene akukhudza, kukhala chete, kenako aliyense kunena zimene wamva mumtima. Palibe wolalikira mnzake. Gogo wosadziwa kulemba amalankhula, wa digiri n'kumvetsera. Ndipo mawu onenedwa pamaso pa anthu okudziwa amalemera. Bambo amene wanena za chikhululukiro Lachinayi sangatukwane mnzake pa nkhani ya malire a munda Loweruka, osachita manyazi, poti mboni zake ndi zomwezo zimene amatunga nazo madzi pamjigo umodzi.

Kwinako ndi ntchito. Maliro akagwa, amphakati ndiwo amayamba kufika ndi nkhuni, ufa ndi nyimbo za usiku wonse. Amazonda odwala, amasonkha kangachepe ka mayendedwe a kuchipatala, amayanjanitsa banja limene layamba kugwedezeka. M'maparishi ambiri, wofuna kubatiza mwana kapena kumanga ukwati amayamba wadzera kumphakati kuti umuchitire umboni.

Akatolika sali okha pa zimenezi. Ku CCAP kuli mapemphero a m'milaga, kulinso magulu a amayi: Mvano ku Sinodi ya Blantyre, Chigwirizano ku Nkhoma, Umanyano ku Livingstonia.

Pali chimene chikudwalitsa timagulu timeneti, ndipo tisachibise. Kwina msonkhano wasanduka wa zopereka zokhazokha: Mawu mphindi khumi, kuitana mayina a angongole ola lathunthu. Wosauka akalephera kusonkha kawiri amayamba kuzemba, pamene iye ndiye amafunikira gululo koposa. Abambo nawonso ndi osowa. Pamkeka pamadzaza amayi ndi ana, eni nyumba ali kumpira kapena pabawo. Achinyamata amati n'za akuluakulu.

Atsogoleri a miphakati ndi milaga, bwezerani nthawi ya Mawu pamalo pake, ndipo za ndalama zizibwera pambuyo. Inunso bambo, sabata ino msonkhano ukafika pakhomo panu, mudzakhalepo.