Seva ya m'kachipinda ka matsache inadzuka

Mukadaiona kale seva ya pa sitolo ina yogulitsa mbewu ndi feteleza, mukadaimvera chisoni. Inkakhala pansi penipeni, m'kachipinda ka matsache kopanda windo, kotentha kwadzaoneni mwezi wa Okutobala. Fumbi linali litatseka timabowo tonse topitira mpweya, mafani akulira ngati chigayo usana ndi usiku. Kumbuyo kwake mawaya anali atapiringizana, moti panalibe wodziwa kuti iyi ikupita kuti. Pamwamba pake ena ankaunjikapo makatoni. Komatu m'bokosi lonyozekali munali malipiro a antchito, ngongole za alimi ndi malisiti a zaka zambiri.

Matenda anayamba ndi ulesi. Faelo yomwe kale inkatseguka pompopompo inayamba kudikiritsa anthu. Kenako Lolemba lina magetsi anathima n'kuyakanso, seva osadzuka. Timagetsi ta madisiki onse anayi, tomwe timayenera kukhala tobiriwira, tinkangophethira mtundu wa lalanje. A akauntanti anagwira njakata, ena atayamba kale kufunafuna makope akale olemba pamanja.

Mtsikana wa IT amene anaitanidwa sanapupulume. Anauza abwana kuti madisiki anayi safera tsiku limodzi, wodwala ndi wina. Atatsegula chivundikiro anamupeza: kakhadi kolamulira madisiki, RAID controller. Pa RAID 5 deta imagawidwa pa madisiki onse, pamodzi ndi masamu othandiza kuibwezeretsa disiki imodzi ikafa, koma zonsezo zimadutsa pa kakhadi kamodzi komweka. Batire lake linali litatupa. Ulesi uja unachokera apa, chifukwa batire likafooka khadi imasiya kusungira deta m'memory yake ndipo imadikira disiki pa chilichonse cholemba. Kutentha kunadzamaliza zotsalazo.

Apa ndi pomwe ndimam'tayira kamtengo mtsikanayu. Asanachotse disiki iliyonse anaimata kapepala: 0, 1, 2, 3. Kenako anakopera iliyonse payokha pa disiki yatsopano ndi pulogalamu ya ddrescue, usiku wonse ali pampando, kuti chilichonse chikalakwika pakhale pobwerera. Khadi ya mtundu womwewo anaiitanitsa ku Johannesburg, yogwiritsidwapo kale ntchito. Chiyembekezo chake chinali chakuti ndondomeko ya mmene deta inagawidwira imalembedwa pa madisiki penipenipo, sifera limodzi ndi khadi.

Tayerekezani anthu ataunjikana pakhomo la kachipinda kaja, khadi yochokera ku Johannesburg ija ikulengeza pa sikirini kuti yapeza "foreign configuration". Zosankha zinali ziwiri zoyandikana, Import ndi Clear. Chachiwiricho chimafufuta ndondomeko ija. Iye anadina Import. Kamagetsi koyamba kanabiriwira, kachiwiri, kachitatu, kachinayi! Linux inadzuka, pulogalamu ya fsck inakonza timafaelo tochepa tomwe tinkalembedwa pomwe magetsi ankathima, ndipo ngongole za alimi zinaoneka zonse mpaka tambala yomaliza. Amayi a pa kauntala analulutira.

Lero mukalowa mungakane kuti ndi seva yomweyo. Anaisamutsira m'chipinda chozizira, m'kabati yachitsulo ya chitseko cha galasi, yopukutidwa mbee. Phokoso lija linatha, mafani amangonong'ona. Waya iliyonse ili ndi dzina lake mbali zonse ziwiri. Pansi pake pali UPS yoizimitsa mwaulemu magetsi akachedwa kubwera. Madisiki tsopano ndi 6 pa RAID 6, yopirira ngakhale awiri atafa, ndipo khadi ina yapadera ikudikira mu dirowa. Batire likayamba kufooka seva imatumiza yokha imelo. Usiku uliwonse deta imakoperedwa ku nyumba ina, ndipo pakutha pa mwezi a akauntanti omwe aja amafufuta dala faelo imodzi, n'kuibweza okha akumwetulira.