Roadshow si ya makampani akuluakulu okha: nafe a geni tingapindule nayo

Abale anga a geni, mawu oti roadshow timawamva pafupipafupi, koma ambiri timangoganiza za lole ija ya zokuzira mawu, anyamata akuvina pamwamba kwinaku akumwaza matisheti. Ndi zoona, iyo ndi roadshow. Koma mawuwa ndi otambalala kuposa pamenepo. Amatanthauza chionetsero choyenda pamsewu, ndipo kalekale ankanena za magulu a zisudzo omwe ankayenda tauni ndi tauni. Lero amagwiranso pa oyimba akamazungulira mizinda, makampani akamatsatsa malonda, ngakhalenso mabwana a kampani akamakumana ndi anthu ofuna kugula masheya. Mfundo yake ndi imodzi basi: osadikira kasitomala, mulondole komwe ali.

Ife tilibe lole, koma tili ndi chikwama ndi pasipoti. Munthu angathe kudzikonzera roadshow yake potsata zionetsero za chaka ndi chaka. Pa Isitala kuli Rand Show ku Nasrec, Johannesburg. Chakumapeto kwa Epulo kuli Zimbabwe International Trade Fair ku Bulawayo, yomwe inayamba mu 1960. Kumudzi kuli chionetsero cha pa Chichiri ku Blantyre chomwe amakonza a MCCCI. Ndola imabwera chakumayambiriro kwa Julaye, Lusaka chakumayambiriro kwa Ogasiti, kenako Harare kumapeto kwa mwezi womwewo. Mwaona? Kalendala ilipo kale, chatsala n'kuwerengera mpamba.

Sitandi m'malo amenewa ndi yodula kwa munthu mmodzi. Nzeru ndi kusonkherana anthu atatu kapena anayi a katundu wosiyana: wina zitenje, wina mpunga wa Kilombero, wina ziboliboli. Komanso musapite ndi mtima woti katundu yense athere pomwepo. Phindu lenileni la chionetsero ndi manambala a anthu a mashopu omwe adzakuodeni makatoni pambuyo pake. Wogula botolo limodzi la tsabola amakupatsani ya thiransipoti, koma wa shopu amakudyetsani chaka chonse. Choncho nambala yanu ya WhatsApp ikhale pa paketi iliyonse.

Pomwe ambiri amagwera ndi pa boda. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali mu COMESA, ndipo pali ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono yotchedwa STR. Katundu wosaposa mtengo woikika, wopangidwa m'mayikowa komanso wopezeka pa mndandanda womwe anagwirizana, amadutsa popanda dyute, ngakhale misonkho ina monga VAT imatha kukhalapobe. Pa Mchinji ndi Mwami, funsani pa desiki yothandiza amalonda musanadzaze fomu. Koma South Africa ndi Mozambique sali mu COMESA, ndiye STR siikuthandizani pa Beitbridge polowa Joni. Za kudya monga nsomba zouma, nyemba ndi mtedza zimafunanso zikalata zake. Katundu akagwidwa pa boda, chionetsero sichikudikirani, ndipo ya sitandi mwalipira kale.

Palinso roadshow ina yomwe ili pafupi nafe: oyimba a kumudzi akabwera kudzazungulira Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Usiku umodzi Amalawi ambirimbiri amasonkhana malo amodzi, onse ali ndi chilakolako cha zakwathu. Sobo, Nali, usipa, nsima ya chambo, zimayenda ngati moto. Koma apa mpofunika kuchenjera. Alipo ena amatolera ndalama za matebulo ndi chithunzi cha pa Facebook chokha, tsiku likafika foni yazima. Musanalipire, onani ngati woyimbayo walengeza yekha pa tsamba lake, imbirani eni holo kuti mumve ngati malowo alipiridwa, ndipo tengani lisiti. Zakudya zophika musakonze zambiri nthawi imodzi, chifukwa shoo ikalephereka mpamba wonse umathera mu poto.

Chinanso, mukamayenda tauni ndi tauni lembani m'kope zomwe zagulidwa malo aliwonse. Mtundu wa chitenje womwe watha ku Lusaka ungathe kubwerera wonse ku Bulawayo. Ulendo woyamba ndi wophunzira msika, wachiwiri ndi umene mumanyamula zoyenera.

Amene mukuganiza za Bulawayo kapena Lusaka chaka chikubwerachi, yambani pano kufunsa mitengo ya masitandi ndi kupeza anzanu osonkherana nawo. Malo abwino, a pafupi ndi geti, amatha msanga.