MADZI ANALIPIRA, KOMA MAU ANALIBE

BINDURA. Mzinda uno unayamba ndi mgodi wa golidi wa Kimberley Reefs m'caka ca 1901, ndipo dzina la Bindura linadza ndi njanji m'1913. Amuna ambiri a ku Nyasaland, kumene lero ndi Malawi, anadza kudzakumba kuno, ndipo adzukulu ao akali pompano.

Munthu wa m'komboni sanali kusamala za Khonsolo, pakuti nyumba ndi madzi zinali m'manja mwa kampani. Koma mu November 2008 mgodi wa nikelo wa Trojan unaimitsa nchito, pa nthawi imene kolera inali kusesa Zimbabwe yense, niipha anthu oposa 4,000. Wocotsedwa nchito akakapeza cipinda ku Chipadze kapena ku Chiwaridzo, mpopi wace tsopano unali wa Khonsolo.

Apa ndi pamene panali cilonda. Lamulo la unzika la 2001 linasandutsa alendo anthu ambiri obadwira konkuno, ndipo zitupa zao zinali ndi mau akuti "Alien". Ndarama za madzi anali kulipira monga munthu ali yense, koma kusankha khansala woyang'anira madziwo sanaloledwe. Tsono mpopi ukauma, akanaopseza yani ndi voti?

Malamulo akulu a dziko a 2013 anabwezera unzika obadwira m'Zimbabwe amene kholo lao linali la dziko la SADC, monga Malawi. Ngakhale zinatero, dzina silinalowe lokha m'buku la osankha. Munthu anayenera kuyamba waima pa mzere kwa Registrar-General kuti amsinthire citupa.