Filimu imayamba ndi cholembera

Anzathu m'makalabu, ophunzira akapatsidwa ntchito yopanga filimu yoti aphunzitsi aichonge, aliyense amathamangira kugwira kamera kapena kukhala mtengambali. Komatu woyamba kugwira ntchito ndi wolemba sewero. Iyeyu akalemba zosamveka, gulu lonse limataya malikisi.

Kodi amachita chiyani? Amagawa nkhani m'zigawo. Pamwamba pa chigawo chilichonse amalemba malo ake, kaya ndi m'nyumba kapena panja, usana kapena usiku. Kenako amalemba zochita za atengambali ndi mawu awo. Alembe zokhazo zimene maso angaone ndi makutu angamve. Asalembe kuti "mayi ali ndi nkhawa", chifukwa kamera sijambula za mumtima. Alembe kuti mayi akusuzumira m'nkhokwe yopanda chimanga.

Tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi. Ndiye filimu ya mphindi 5 ikufunika masamba 5 basi. Aganizirenso zimene gulu lingakwanitse. Nanga kulemberanji za ndege pomwe muli ndi njinga yokha?

Pochonga, aphunzitsi amafuna kuona thukuta la aliyense. Choncho wolemba asunge zolemba zake zonse, zoyamba ndi zokonzanso, ndipo athe kufotokoza chifukwa chake adasintha. Ngati nkhani waitenga kwina, anene poyera. Chiwetel Ejiofor adalemba sewero la filimu ya 2019, The Boy Who Harnessed the Wind, kuchokera m'buku la William Kamkwamba wa ku Kasungu ndi Bryan Mealer, ndipo filimuyo imawatchula.

Kambiranani m'kalabu mwanu: mungaonetse bwanji nsanje popanda munthu kuyankhula?